Telala wa ku Nabvutika ndi Mwala Woyenda Kumwamba

Bambo anga atamwalira, abale awo anabwera ndi kaloli ka kanta n'kutenga bedi, njinga, wailesi, mipando, zipangizo zomangira nyumba, thiranki ya zovala, ndi ine. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Giredi 7, mayeso akuyandikira. M'thirankimo munali chinthu chimodzi chimene sichinali chathu n'komwe. Chinali cha Che Sumani, telala wa nyumba yoyandikana ndi yathu m'komboni ya Nabvutika, ku Chipata.

Ndikakumbukira Che Sumani, ndimamva fungo la mafuta a makina osokera litasakanikirana ndi utsi wa ayironi ya makala, ndimamvanso kulira kwa makina awo akale aja, amene ankayamba kugogoda m'mawa tisanasambe, kumapita n'kumaima, kumapita n'kumaima, mpaka tambala wa kwa aneba ankaoneka ngati akuyankhana nawo. Ankasokera pakhonde, atazunguliridwa ndi timapisi ta nsalu, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa, moti akamakukalipira unkangomva theka la mawuwo. Anali Myao wa ku Mangochi. Anabwera kuno ali mnyamata, akuyendetsa loli kudzera pa boda ya Mwami, ndipo msana utawakana anakhala pansi n'kuphunzira kusoka. Sanali munthu wofatsa. Kasitomala akanena kuti buluku lathina, iwo ankati, "Buluku ndi lomwe lija ndinayeza. Chasintha ndi mimba yanuyo."

Ine ndinalowa m'moyo wawo chifukwa cha maso. Anali ndi ng'ala, ndipo kabowo ka singano sankakaonanso. Kusoka ankasoka ndi zala, koma ulusi ukaduka ntchito inkaima.

"Iwe Petulo," ankaitana pamwamba pa mpanda, "bwera kuno ndi maso akowo. Ukungowawononga poyang'ana atsikana."

Ndinkalowetsa ulusi, iwo n'kundipatsa samusa imodzi yokazinga akazi awo. Ife tinali Akatolika, iwo Asilamu, ndipo nkhani imeneyo inkathera pa nkhumba basi. Tsiku limene kwathu taphika nkhumba ankandiuza kuti ndisambe m'manja kawiri ndisanagwire nsalu zawo.

Chuma chawo chenicheni chinali bayinokula, magalasi aja a maso awiri oonera zinthu zakutali. Anaigula ku Beira masiku a loli, ndipo anaisokera chikwama chachikopa ndi manja awo. Asilamu amayamba kusala akaona mwezi watsopano, ndipo amasiya kusala akauonanso, choncho kwa zaka zambiri Che Sumani anali m'gulu la amuna amene ankakwera pachitunda dzuwa likangolowa kukafunafuna kachikwakwa ka mwezi kaja kumadzulo. Maso atayamba kufa sanasiye kupitako. Ankanyamula bayinokula, n'kupatsa anyamata kuti ayang'ane, iwo n'kumawalalatira kuti akuyang'ana kolakwika.

Chaka chimenecho kusala kunagwera m'nyengo yozizira. Mdzukulu wawo wa ku Lusaka anali atawaikira m'foni pulogalamu yoonetsa zakumwamba, kuti azidziwa pomwe mwezi uli. Zilembo sankaziona, ndiye wowerenga ndinali ine. Tsiku lina masana, iwo ali ndi njala ndi ukali wake, ndinagunda kadontho kena mwangozi. Panatuluka dzina lakuti Vesta ndi Chingerezi chambiri pansi pake.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Akuti si nyenyezi, agogo. Akuti ndi mwala."

"Wauponya ndani?"

"Palibe. Akuti ulipo kuyambira kalekale, umazungulira dzuwa. Ilipo miyala yambirimbiri, yonse ili m'njira imodzi ngati lamba, pakati pa Mars ndi Jupiter. Uwu ndi umodzi mwa ikuluikulu, ndipo ndi umene umawala kwambiri."

"Werenga bwino. Kusukulu kwanu kuja mumangopitira phala."

Ndinawerenga bwino. Ndinawauza kukula kwake, kuti kuchokera mbali ina kufika mbali inayo ndi makilomita opitirira pang'ono mazana asanu. Analavulira mapini m'dzanja.

"Umenewo ndi ulendo wa Chipata mpaka kufupi ndi Lusaka. Msewu umenewo ndauyenda ine, tsiku lathunthu, matako kuchita kufa. Ndiye iwe ukuti mwala umodzi?"

"Si ine, agogo. Ndi foni."

"Pitiriza."

Tsiku limenelo diresi ya mayi wina sinathe. Ndinawawerengera kuti mwalawo umatenga zaka zitatu ndi theka n'kupitirirako pang'ono kuti uzungulire dzuwa kamodzi, koma pawokha umatembenuka msanga, m'maola asanu ndi pang'ono. Anawerengera pa zala, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye kuti kumeneko dzuwa likatuluka, sipatha maola atatu lalowa. Kusala kwake n'kwa ana kumeneko. Abiti," anaitana akazi awo, "longedza katundu, tikusamuka."

"Pitani nokha," anayankha agogo aakazi ali kukhitchini. "Mukapeze amene azikuphikirani."

Nditawauza kuti kumeneko zinthu n'zopepuka, kuti thumba la chimanga lingalemere ngati paketi ya shuga, anati zimenezo ndi zabodza. Nditawauza kuti mwalawo si wobulungira bwino, kuti kumunsi kwake kuli chidzenje chachikulu pomwe mwala wina unaugunda, ndipo zidutswa zake zina zinafika mpaka kugwa padziko lino, anati zimenezo n'zoona, chifukwa palibe choyenda pamsewu zaka zambiri chopanda chipsera. Ankasankha okha zoti akhulupirire. Chimene chinawakhudza kwambiri n'chakuti mwalawo unayamba kukula ngati dziko, koma Jupiter ndi mphamvu yake yokoka anasokoneza dera lonselo, ndipo unangotsala choncho osamaliza. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Wamkulu akakhala pafupi, wamng'ono sakula." Anthu ena ndikawauza nkhaniyi amafuna kunena kuti mwalawo ndine. Ine si mwala. Ndimamva njala.

Mawa lake ndinawapeza atayala nsalu yakuda patebulo lodulira. Anabaya mapini awiri moyandikana, anakoleka ulusi womanga mfundo, n'kulowetsa choko chawo cholembera nsalu m'ulusimo ndi kuzungulira. Panatuluka bwalo lotalikirako pang'ono mbali imodzi, losati dzira, losatinso mbale.

"Wati njira yake si bwalo lenileni, si choncho? Ndi ili. Makhosi a madiresi ena timadula chonchi."

Batani lalikulu la jekete linakhala dzuwa. Batani la shati linakhala dziko lathu, lina lofiira Mars, la chijasi Jupiter kunja kwenikweni, ndipo pakati pa awiriwa anawaza mpunga wodzaza chikhato. Kambewu kamodzi anakapaka choko cha buluu. Nditawauza kuti njira ya mwalawo ndi yopendekeka pang'ono poyerekeza ndi yathu, anatenga chisoti chawo n'kuchipendeketsa pamutu. "Chonchi?" Ndinati eya. Anakhala nacho chopendekeka tsiku lonse.

Foni inkati m'masabata amenewo dziko lathu linali kudutsa pakati pa dzuwa ndi mwalawo, ndiye unali pafupi kuposa nthawi zina, wooneka ndi bayinokula chakum'mawa mdima ukangogwa. Vuto linali lakuti mwala ndi nyenyezi zimaoneka chimodzimodzi, kadontho basi. Njira yodziwira inali imodzi: kuyang'ana malo omwewo madzulo angapo n'kuona kadontho kamene kasuntha pakati pa anzake.

Pabwalo pawo sizikanatheka. Babu la pa shabini ya mowa ya kuseri linkawalira pomwepo, ndipo madzulo a Juni ku Nabvutika utsi wa mbaula umakwera nyumba iliyonse, n'kukhala pamwamba pa madenga ngati bulangete lakuda, pamodzi ndi fungo la kapenta ndi phokoso la ana okana kusamba. Kuseri kwa nyumba yathu, pafupi ndi chimbudzi, kunali mdima wabwino ndipo kunkayang'ana kum'mawa. Komanso iwo akamasula kusala ankapita kumzikiti ku mapemphero aatali a mwezi umenewo. Choncho anachita chinthu chimene sanachitirepo ngakhale ana awo. Anatulutsa bayinokula m'chikwama n'kundikoleka m'khosi.

"Chikwama chitsala kuno, kuti uzikumbukira kuti ili ndi kwawo. Ukaigwetsa, ndikusoka pakamwa."

Anandipatsanso kansalu kakuda ndi mapini. Nyenyezi iliyonse imene ndinkaona m'magalasimo ndinkaibaya pini yoyera, ndipo kadontho kamene ndinkakakayikira ndinkakabaya yamutu wofiira. Iwo sakanatha kuona kumwamba, koma zala zawo zinkawerenga mapini.

Bambo anga anali omanga nyumba. Ankafika madzulo tsitsi lili mbuu ndi simenti. Atandipeza nditatsamira khoma la chimbudzi ndikuyang'ana kumwamba, anandifunsa ngati ndayamba misala. Ndinawapatsa kuti ayang'ane. Anayang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Ndikungoona mdima wokulirapo," anatero. Koma sanandibwezere msanga. Kenako anati, "Chinthu cha eni ake ichi. Ukamaliza uziika m'thiranki mwanga, mng'ono wako angachiphwanye." Ndi mmene bayinokula inayambira kugona pakati pa malaya a bambo.

Patapita madzulo angapo ndinapita ndi kansalu kaja kwa Che Sumani. Ndinali nditabaya mapini ofiira anayi, ndipo anali pamzere. Anayendetsa chala pamitu yake pang'onopang'ono, kubwerera, kuyendetsanso.

"Wayenda," anatero motsitsa mawu.

"Koma agogo, ukuyenda chammbuyo. Pansalu yanu ija zonse zimapita mbali imodzi. Uwu ukubwerera."

Zinawasowetsa mtendere tsiku lonse. Anasoka thumba la shati mozondoka. Chakumadzulo anandiitana, nkhope ili ngwee.

"Iwe sunayendetsepo loli. Ukamapitirira loli yolemera pa Luangwa, iwe uli mkati mwa kona ndipo ukuthamanga, ukayang'ana pawindo imaoneka bwanji? Imaoneka ngati ikubwerera m'mbuyo. Sikubwerera ayi. Ndife tikuipitirira." Anakankha batani la shati kudutsa kampunga ka buluu kaja. Nditayang'ana m'foni ndinapeza kuti zinalidi choncho. Anandiuza kuti ndiwerenge kawiri, mokweza, kuti akazi awo amve.

Sabata yomweyo bambo anagwa padenga la nyumba imene ankamanga. Sanafike kuchipatala ali moyo.

Maliro anali kumudzi kwawo, kupitirira Mtenguleni. Sindifotokoza zambiri. Titabwerako, bambo aang'ono, a Daka, mng'ono wawo wa bambo anga, anafika ndi kanta ija. Ife ndife Angoni. Amayi anawalowola ndi ng'ombe, ndiye pamwambo ana ndi a kuchimuna. Mng'ono wanga anali akuyamwa, anamusiya. Ine ndinali wamsinkhu woweta ng'ombe.

Atatsegula thiranki n'kutulutsa bayinokula, amayi anagwada.

"Alamu, chimenecho si cha malemu. N'cha aneba, Che Sumani. Anangobwereka mwanayu."

A Daka anaseka, osati mwankhanza, koma ngati munthu amene wamva nyimbo yomwe amaidziwa kale.

"Mlamu, maliro onse amene ndapitako, katundu wabwino amakhala wa aneba. Wailesi ya aneba, njinga ya aneba. Mkulu wanga analibe kanthu, ankangosungira anthu?"

Sanali kunama kwenikweni. Akazi amasiye ambiri amachitadi zimenezo, ndipo ndani angawadzudzule. Koma amayi ankanena zoona, ndipo Che Sumani anali kumzikiti. Pomwe ankabwerako, kanta inali itadutsa kale.

Kumudzi ndinkadzuka mame ali mbwee, kutsegula khola, kutsata ng'ombe kudambo. A Daka anali ndi ana aakazi okhaokha aang'ono, munda wa thonje woyembekeza kuthyola, ndi milandu iwiri ya ng'ombe zolowa m'madimba a anthu. Ankandifunadi, sikuti ankangondizunza. Za sukulu ankati tidzaona chaka chamawa. Ndinkadziwa tanthauzo la chaka chamawa. Anyamata amene ndinkaweta nawo onse anali akudikira chaka chamawa, ena ndevu zitayamba kumera. Bayinokula ija a Daka anaikonda koopsa. Ankayenda nayo m'khosi ngakhale popita kuchigayo, ndipo ankauza aliyense kuti pa mwambo wa Angoni wa Ncwala chaka chamawa adzaona mfumu ngati ali nayo pamphasa imodzi.

Kusala kunatha ine ndili kudambo. Ndinamva pambuyo pake kuti chaka chimenecho Che Sumani sanakwere nawo pachitunda. Anakhala pakhonde n'kumva kwa ana kuti mwezi waoneka.

Masana ena, ndikubwera kudzamwa madzi, ndinaona njinga ya hayala ikulowa m'mudzi, kumbuyo kwake kutakhala munthu wovala mkanjo woyera umene fumbi linali litaufiiritsa mpaka m'mawondo. Anatsika movutikira, atagwira msana ndi dzanja limodzi, lina litanyamula chikwama chachikopa. Agalu anauwa. Ana anathawa, kenako anabwerera kudzaonerera.

Anawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Anthu oyandikana nawo anayamba kubwera mmodzimmodzi, monga amachitira akanunkhiza mlandu. Che Sumani anapepesa maliro mwaulemu wonse, anafunsa za thonje, anakana thobwa chifukwa sankadziwa ngati lasasa. Kenako anaika chikwama chija pamphasa.

"A Daka, ndabweretsa nyumba. Mwini nyumba ali pakhosi panupo."

"Madala, ichi ndinachipeza m'thiranki mwa mkulu wanga."

"Munachipezadi. Tayesani kulowetsa."

A Daka anazengereza, koma anthu anali akuyang'ana. Bayinokula inalowa m'chikwamamo ngati phazi m'nsapato yake, kachingwe kotsekera n'kugwera ndendende pa batani lake. Mayi wina anaseka. A Daka anayang'ana pansi, kenako anakankhira chikwamacho kwa mwini wake.

"Sindine wakuba ine. Ndimayesa mlamu akunama. Tengani."

Che Sumani sanachigwire.

"Ndikanafuna chimenechi ndikanatuma mnyamata. Msana wangawu sindiukweza panjinga chifukwa cha magalasi. Ine maso anafa, ndikayang'anamo ndimaona ufa. Chisungeni. Mundipatse uyo." Analoza kumene ankaganiza kuti ndaima. Analoza mbuzi, koma aliyense anamva.

"Mwanayu ndi wathu. Ndi magazi a mkulu wanga."

"Sindikumulanda. Dzina ndi lanu, akadzakwatira ng'ombe mudzapereka ndinu, patchuthi azibwera kudzathyola thonje. Ine ndikufuna azindilowetsera ulusi, azipita kusukulu. Kudya adya kwanga."

"Nanga ng'ombe aziweta ndani?"

"Ndi chimenechi muziziona muli pakhonde. Ikayandikira dimba la munthu, mutuma kamtsikana ndi kamtengo."

Anthu anaseka, a Daka nawonso anamwetulira pang'ono. Dzanja lawo linali litabwerera kale pachikwama, likusisita chikopa.

"Mukufuna mumusandutse Msilamu."

"Ameneyu? Amadya nkhumba ngati akulipidwa. Tilibe naye ntchito."

"Mpaka liti?"

"Mpaka amalize."

"Giredi 7 yomweyi?"

"Giredi 12."

A Daka anawayang'ana kuyambira kuchisoti mpaka kumapazi. "Madala, inu mudzakhala mulipo?"

"Imeneyo ndi nkhani ya Mulungu. Yanu ndi kuvomera kapena kukana."

Anavomera. Anagwirana chanza anthu onse akuona, ndipo a Daka anakolekanso bayinokula m'khosi, tsopano ili m'chikwama chake.

Tinayenda wapansi mpaka kumsewu waukulu, iwo atagwira phewa langa. Dzuwa linalowa tikudikira minibasi. Sindinawathokoze. Ndinali wokwiya, ndipo sindinkadziwa kuti ndakwiyira ndani.

"Mwapereka bayinokula," ndinatero. "Tsopano mwala uja tiuona ndi chiyani?"

"Ine ndinauonapo ndi chiyani?"

Kenako anandigwedeza phewa.

"Foni ija inati kumalo kwamdima munthu wamaso abwino akhoza kuuona popanda kanthu. Kuno kulibe babu. Tayang'ana."

Mdima utakhwima pang'ono ndinayang'ana kum'mawa, pamwamba pa minda ya chimanga chouma. Nyenyezi zinali zochuluka kuposa za ku Nabvutika, zothithikana ngati mchenga, ndipo malo anga aja ndinawapeza movutikira. Masabata anali atapita, mwalawo unali utasuntha, ndipo kansalu ka mapini kanali katatayika pa tsiku la kanta.

"Sindikuuona, agogo. Tilipo timadontho tambiri. Sindikudziwa kuti ndi kati."

"Palibe kanthu. Uli pamsewu wake, sukudikira iwe. Wati timaupitiriranso liti?"

"Pakapita chaka ndi miyezi inayi kapena isanu."

"Ndiye udzakhala uli Giredi 8. Kwera minibasi iyo, usandipondere mkanjo."

Amayi anali atasamukira m'kachipinda kamodzi kumsika, akugulitsa tomato. Ine ndinkagona m'nyumba ya Che Sumani, pansi pa tebulo lodulira nsalu, pamatiresi amene anasoka ndi timapisi. Ndinakhoza Giredi 7. Ndinakhoza Giredi 9. Yunifolomu yanga inali yosokedwa bwino kuposa ya mwana wa ahedi, ngakhale thumba limodzi linali lokwera kuposa linzake. Lamlungu lililonse ankandigwedeza ndi phazi. "Dzuka, kwanu ayamba kuliza belu. Ndinalonjeza anthu kuti ukhala wakudya nkhumba." Chaka chilichonse a Daka ankatumiza uthenga wofuna kudziwa ngati madala akadali bwino. Che Sumani ankati, "Kawauze kuti ndadya mbale ziwiri."

Che Sumani anamwalira nditangoyamba Giredi 10, m'nyengo ya mvula. Asilamu sachedwa ndi maliro. Ndinachoka m'mawa ali kutsokomola, ndinabwera madzulo atawaika kale. Agogo aakazi anatengedwa ndi ana awo kupita ku Lusaka, nyumba inagulitsidwa, makina anapita ndi munthu wina wa ku Katete. Mwezi usanathe a Daka anafika, bayinokula ili m'khosi.

"Pangano linali la ine ndi malemu," anatero. "Malemu apita."

Ndinawauza kuti malemu anapereka zawo zonse tsiku lomwelo, pamaso pa anthu. Anati mwana sayankha akulu. Amayi analibe pondigoneka kapena chondidyetsa. Ndinapita kumudzi, ndinalima thonje nyengo imodzi, kenako ndinathawa.

Lero ndili pa Mwami. Ndimanyamula katundu wa amalonda kuwoloka naye pa boda, matumba a mtedza, mabelo a zovala zakale za salaula, makatoni a sopo. Thumba likandikhala pakhosi ndimakumbukira kuti kuli malo kumene likanalemera ngati paketi ya shuga, ndipo ndimatukwana. Anzanga amanditcha Wanyenyezi, chifukwa madzulo tikamadikira maloli ndimawalozera Jupiter, iwo n'kumati ndiwalozere kumene kuli ndalama. Ndili ndi foni yosweka galasi, ndinaikamo pulogalamu ija. Chaka chino mwala uja unayandikiranso, ndipo dalaivala wina wa ku Tanzania anandibwereka bayinokula yake madzulo awiri. Ndinaupeza. Madzulo achiwiri unali utasuntha, chammbuyo, monga loli ya pa Luangwa. Ndinauza dalaivalayo chifukwa chake. Anandifunsa kuti ndinamaliza sukulu iti, ndipo ndinangomubwezera chinthu chake.

Sabata yotsatira ndinakalembetsa sukulu ya madzulo m'tauni. Ndimakhala pa desiki limodzi ndi mayi wa ana atatu ndi wapolisi wina amene amabisa nkhope. Masamu ndaiwala ambiri. Aphunzitsi a sayansi atafika pa mapulaneti anajambula mabwalo pabolodi, ine ndinawauza kuti si mabwalo enieni, n'kuwapempha mapini awiri ndi ulusi. Analibe, ndiye mawa lake ndinabweretsa.

A Daka ndinakumana nawo pa Ncwala. Akalamba, ng'ombe zinatha ndi matenda, koma bayinokula ikadali m'khosi, chikwama chili chonyezimira ndi mafuta a m'manja. Anafuna kundipatsa. Ndinakana. Inagulidwa kale imeneyo, ndipo ndikailandira ndiye kuti malonda abwezedwa. Che Sumani analipira nayo kuti ndiphunzire mpaka Giredi 12. Ine ndinalandira mpaka Giredi 9. Atsala magiredi atatu, ndipo ndikuwafuna onse.